Desisiti ndi Chimanga cha Nagama

Dziko la Pitirizani musavutike kulifuna pa mapu. Wojambula mapu analamulidwa kuti ayambe, ndipo mpaka lero akujambulabe. Koma dzikolo lilipo ndithu, mvula imagwa, agalu amauwa, ndipo pa nthawi ya nkhani yathuyi linkalamulidwa ndi Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, mwana wa Sindilakwa Woyamba, amenenso sanalakwepo.

Mwambo wa kumeneko unali wotere. Mfumu ikalamula chinthu, chinthucho chinkachitika osalekeza, chifukwa mfumu siingabwerenso n'kudzanena kuti lekani. Kutero kukanakhala kuvomera kuti nzeru zake zili ndi polekezera. Ndiye makolo, ataona kuti anthu atha zikhatho ndi kuwomba m'manja, anakhazikitsa udindo wa Mlekezi. Ameneyu ankaima kumanzere kwa mfumu, ndipo akaona kuti anthu atheratu ankangoti, "Basi." Ng'oma zinkakhala chete, okumba ankatula makasu, ovina ankakhala pansi n'kumatikita mawondo. Mfumu inkayang'ana kumbali ngati sinamve.

Mlekezi wa masiku amenewo anali Lameki Sandalamu, bambo wamfupi wa dazi, amene udindowu anaulandira kwa amalume ake. Ankaukonda udindo wake, tisabise. Ankakonda jekete yake ya mabatani owala, ankakonda kuti akamadutsa anthu azimupatukira. Koma jekete sadya. Banja lake linkadya chimanga cha mkazi wake, Nagama, amene anali ndi munda m'mudzi wa Kwatsalanji, kumanzere kwa Msewu wa Chitukuko ukamachokera kunyumba ya mfumu. Chaka chimenecho chimanga chinachita bwino moti Nagama ankapita kukachiona ngakhale popanda chochita.

Zinthu zinasokonekera pa chikondwerero cha kubadwa kwa mfumu. Mfumu inayamba kulankhula dzuwa lili pamutu, ndipo mithunzi itatalika inali ikufotokozabe za mano ake oyamba. Kumbuyo kwa khamu mayi wina ankathiridwa thobwa m'kapu ndi mnzake, n'kunena kuti, "Basi, basi, litayika." Anthu onse ankadziwa bwino kuti mawu amenewo si a Lameki. Koma miyendo sinafunse. Bwalo lonse linangoti balalabalala, mfumu n'kutsala ikulankhula kwa mipando ndi kwa Mlekezi wake.

Itakwiya, mfumu inapita kukapuma kutsidya kwa nyanja zamchere. Inabwerako ndi zinthu zitatu: chipewa, chifuwa ndi liwu.

"Anthu anga," inatero mfumu pamaso pa nduna zake, "lamulo langa silingamaimitsidwe ndi liwu lothirira thobwa. Liwu lomwe ngakhale mwana wosavala amalitchula. Ndabwera ndi liwu la Chingerezi, lolemera, losafika pakamwa pa munthu wamba." Inatsokomola kaye. "Desisiti."

Nduna zinawomba m'manja. Zinayang'ana kwa Lameki kuti azipumitse, koma Lameki sankadziwa kuti anene liti, lakale kapena latsopano. Zinawombabe choncho mpaka mfumu itatuluka.

Mawa lake Nduna ya Zoyambitsa Zinthu, a Yambani, munthu amene anayala miyala ya maziko m'dziko lonse koma osamangapo ndi chimbudzi chomwe, analengeza lamulo. Mawu akuti basi, lekani, siyani, imani ndi zakwana aletsedwa, ndipo wowatchula adzathamangitsidwa m'dziko. Choimitsa zinthu ndi desisiti yekha, ndipo womutchula ndi Mlekezi yekha. Koma asatchulidwe mpaka Bungwe la Tanthauzo, Kagwiritsidwe ndi Chiyambi litamaliza kumufufuza. Pa tsiku lomutchula koyamba, Mlekezi adzayamba wafotokozera anthu zonse zimene bungwe lapeza, osadumpha kanthu, ndipo aliyense wosamvetsa adzakhala ndi ufulu wopempha kuti abwereze, pakuti Mfumu Sindilakwa imadana ndi umbuli.

Lameki anafika kunyumba akumwetulira yekha. Liwu la Chingerezi, m'dziko lonse pakamwa pake pokha! Anaima pa kalilole n'kumayendetsa milomo osatulutsa mawu.

"Ndiye pakadali pano zinthu ziziima bwanji, abambo?" anafunsa Nagama.

"Zimenezo ndi za boma, Nagama."

"Chabwino. Ndikamakuthirirani madzi osamba mundiuze za boma zomwezo."

Pa msika wa Ingopenyani panaoneka zoseketsa zoliritsa. Amene ankapita kukachepetsa tsitsi ankabwerako ndi mpala. Wogulitsa mafuta ophikira ankathira mpaka botolo kusefukira, wogula akungomuyang'ana ndi maso achisoni. Okwera kabaza ankatsika mochita kudumpha, ndipo mayi wina wa ku Kwatsalanji amene ankaopa kudumpha anapezeka kumalire a dziko. Ku tchalitchi ulaliki sunkatha, koma izo anthu sanadabwe nazo chifukwa zinali choncho kuyambira kale.

Amene anapeza njira anali wogulitsa tomato wina. Lamulo lakale linkati nyimbo yotamanda mfumu ikamveka, aliyense aime njo, dzanja pachifuwa. Ndiye iye ataona kuti wometa wayandikira khutu, anangoyamba kuti, "Sindilakwa, dzuwa lathu," wometa n'kuuma, lumo lili m'mwamba. Pasanathe sabata msika wonse unali nyimbo yokhayokha. Wofuna kutsika minibasi ankaimba, wothiridwa mchere ankaimba, okangana pa bawo ankaimba. A Yambani anakauza mfumu kuti chikondi cha anthu chafika posaneneka.

Tsopano mfumu inaganiza zokatsegula mlatho wa kumapeto kwa Msewu wa Chitukuko, womwe inali itautsegulapo kale kangapo. Itasuzumira pa zenera inaona kuti chimanga chatalika m'mbali mwa msewu.

"Anthu andiona bwanji?" inafunsa. "Tchetchani."

Ntchitoyi inapatsidwa kwa kapitawo Dzombe ndi gulu lake la zikwakwa. Dzombe anafunsa funso limodzi lokha, kuti atchetche mpaka pati, ndipo a Yambani anamuyankha kuti adzauzidwa. "Chabwino bwana," anatero Dzombe. "Tipita ndi kumanzere, kumanja tidzaona pobwerera." Palibe nduna inalabadira mawu amenewo. Akanalabadira akanakumbukira kuti kumanja kwa msewuwo, m'munsi mwenimweni mwa nyumba ya mfumu, ndi kumene kunali munda wa mfumu, wolimidwa ndi anthu a dziko lonse, umene mondokwa wake mfumu inkaukonda kuposa akazi ake.

Zikwakwa zinayamba. Mudzi ndi mudzi, munda ndi munda, chimanga chili ndi ndevu chinagona pansi. Mfumu inadutsa, anthu anaiona, mlatho unatsegulidwa, mfumu inabwerera kwawo n'kuiwala. Koma zikwakwa sizinauzidwe kanthu.

Nagama atamva kuti zafika m'mudzi woyandikana ndi Kwatsalanji, anakhala pansi pamaso pa mwamuna wake. "Abambo, chimanga chija chatsala pang'ono kukhwima. Chikagwa chimenechi, chaka chino ana adya mabatani a jekete yanu. Mlekezi ndi inu. Chitanipo kanthu."

Lameki anathamangira ku Hotela ya Tidyeretu kumene bungwe lija linkakumana. Anapeza wapampando wake, Pulofesa Dikirani, akulimbana ndi ntchafu ya nkhuku.

"Tanthauzo tapeza," anatero Pulofesa akupukuta zala. "Ndi kuchotsa manja pa chimene ukuchita, makamaka ukauzidwa ndi akuluakulu. Kagwiritsidwe tapezanso. Eni ake salitchula kukhitchini ayi, amalisungira za kukhoti ndi zoopsezana. Chativuta ndi chiyambi."

"Simunachipeze?"

"Tinachipeza tsiku loyamba lomwe. Angerezi analitenga kwa Afalansa, Afalansa analitenga kwa Aroma, ndipo kwa Aroma linkanena za munthu woima potero, wotalikirana ndi ntchito yake. Tinakawauza a Yambani. Anatsala pang'ono kukomoka. Akuti, mukunena kuti mfumu yabwera ndi liwu la pa kaunjika, lovalidwa kale ndi mitundu itatu? Atibweza kuti tifufuzebe mpaka tipeze kuti linayambira kwa agogo a mfumu."

"Ndiye mupeza liti?"

"Kafukufuku safuna phuma, a Sandalamu. Agogo a mfumu sanasiye umboni wambiri. Tikudikira kuti upezeke."

Lameki anatsitsa mawu. "Pulofesa, tandibwerekani liwulo kwa kamphindi. Ndikangolinena kamodzi ku Kwatsalanji, ndibweza lili bwinobwino."

"Liwu lopanda chiyambi?" Pulofesa anapukusa mutu mwachisoni. "Mungavulaze nalo anthu. Mwadya kale? Nkhuku ilipo."

Pamene Lameki ankafika ku Kwatsalanji, zikwakwa zinali pa malire a munda wa Nagama, koma sizinkayenda. Nagama anali ataima pa mzere woyamba, akuimba. "Sindilakwa, dzuwa lathu." Dzombe ndi anthu ake anali njo, manja pachifuwa, ndipo nkhope zawo zinkaoneka zoyamikira, pakuti chiyambire ntchitoyo anali asanapumepo. Nagama akatopa, mnzake ankalandira nyimbo. Amayi a m'mudzimo anagawana, ena kuimba, ena kuphika, ena kuyamwitsa. Kunada, kunacha, nyimbo osaduka. Chimanga chinkafunika masabata ochepa chabe, ndipo amayiwo anatsimikiza kuti achiimbira mpaka chikhwime. Kunena zoona, m'mbiri yonse ya Pitirizani mfumu sinatamandidwepo ndi mtima wonse ngati mmene inatamandidwira pa munda umenewo.

Mbiri inafika kwa a Yambani, ndipo anabwera okha pa galimoto kudzaona mudzi wokonda mfumu. Anamvetsera, anagwetsa msozi, kenako anaona kuti ntchito ya boma yaima.

"Chikondi chotere chisalekanitsidwe ndi chitukuko," anatero. "Kuyambira lero, wogwira ntchito ya mfumu akamva nyimboyi asaimenso njo. Azigwira ntchitoyo motsata nyimbo."

Nyimbo inafera m'kamwa mwa Nagama. Dzombe ananyamula chikwakwa chake pang'onopang'ono, n'kusendera pafupi ndi Lameki. Zikhatho zake zinali matuza okhaokha.

"Bwana Mlekezi," ananong'ona, "ingonenani lija lakale lija. Ngakhale motsitsa. Mawu anu timawadziwa, tiima pompano. Ifenso kwathu tinatchetcha chathu chomwe."

Nagama anamva. Anayang'ana mwamuna wake osaphethira. Lameki anatsegula pakamwa. Liwu linali pomwepo pa lilime, lalifupi, lozolowereka, limene amalume ake analinena moyo wawo wonse. Koma anaona galimoto ya a Yambani, anaona a Yambani akumuyang'ana, anaganiza za kumalire a dziko, anaganiza za jekete. Anatseka pakamwa n'kukonza batani lomwe linali lokonzeka kale.

Zikwakwa zinalowa. Dzuwa lisanapendeke, munda wonse unali gonee, fungo la mapesi aawisi lili ponseponse. Nagama sanalire. Anawerama, n'kutola chitsononkho chimodzi chanthete, chamkaka, chosati n'kuwotcha, n'kuchilowetsa m'thumba la jekete ya mwamuna wake.

"Tengani kamba wa pa ulendo," anatero. "Muzikadya ndi ulemu wanu."

Kuchokera tsiku limenelo Lameki sanaimenso pa kalilole. Kunyumba ankapatsidwa madzi osamba, ankapatsidwa moni, koma zonse zinali zozizira. Ana anayamba kudya kamodzi. Chitsononkho chija sanachitaye. Chinafota m'thumba momwemo, ndipo akaima kumanzere kwa mfumu ankachimva chikumugunda m'nthiti. Manyazi anamudya munthu uja mpaka jekete inayamba kumukulira.

Zikwakwa zinafika pa mlatho, zinawoloka msewu, n'kuyamba ulendo wobwerera ndi kumanja.

Mmawa wina mfumu inasuzumira pa zenera kuti ione mondokwa wake, amene anali atakhwima bwino, n'kuona fumbi ndi kuwala kwa zitsulo chapafupi.

"Awo ndani?"

"Ndi otchetcha aja, Mbuye wanga," anayankha a Yambani.

"Akupita kuti?"

A Yambani anayang'ana msewu, anayang'ana munda wa mfumu, n'kuthamangira ku Hotela ya Tidyeretu.

Umboni wa agogo a mfumu unapezeka mmawa womwewo tiyi asanazizire. Bungwe linapeza kuti agogowo, Sindinagwe Wamkulu, anakumana ndi mkango pa dambo n'kuuuza kuti desisiti, mkango n'kukhala pansi. Mroma wina amene ankadutsa anamva n'kuba liwulo. Lameki anaitanidwa, anauzidwa zonse kuti aloweze, ndipo anthu anasonkhanitsidwa mwachangu m'mphepete mwa munda wa mfumu. A pa msika wa Ingopenyani anabwera onse. A ku Kwatsalanji anabwera ndi mikeka.

Pamene Lameki ankakwera pa nsanja, zikwakwa zinali zitadya mzere woyamba.

"Nena," inatero mfumu.

"Mbuye wanga, lamulo lanu likuti ndiyambe ndafotokoza zonse, osadumpha kanthu." Lameki analowetsa dzanja m'thumba, n'kugwira chitsononkho chija. "Anthu a Pitirizani, mwadzuka bwanji? Tiyambe ndi tanthauzo."

Anafotokoza tanthauzo modekha, ngati mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono. Anati liwuli ndi la munthu amene wauzidwa kuti achotse manja pa chimene akuchita. Anapereka chitsanzo cha wometa. Anapereka cha wothira mafuta. Anapereka cha mayi uja anakafika kumalire pa kabaza, n'kumupempha kuti aimirire anthu amuone. Kumbuyo kwake kunkamveka tche, tche, tche.

"Fulumira, Sandalamu," inatero mfumu, mano ali gwa.

"Ndili pa kagwiritsidwe tsopano, Mbuye wanga. Tayenda ndithu."

Anafotokoza kuti liwuli si la kukhitchini, si la pa thobwa, si la munthu wamba amene munda wake ukutchetchedwa. Ndi liwu laulemu, lofuna nthawi. Theka la munda linali pansi. Mfumu inaimirira, inakhala, inaimiriranso. Chipewa chija chinagwa. Ndiye pamaso pa dziko lonse, Mfumu Sindilakwa Wachiwiri, mwana wa Sindilakwa Woyamba, inakuwa ndi mawu a munthu amene phala lamutayikira pa mwendo.

"Basi! Basi, anthu inu! Lekani!"

Msika wonse unayang'ana pansi mwaulemu. Wogulitsa tomato uja anafunsa mnzake motsitsa ngati kumalire kuli nyumba yokwana mfumu. Dzombe anatembenuka pang'ono, chikwakwa chikuyendabe.

"Pepani Mbuye wanga, mawu amenewo sitikuwadziwa. Analetsedwa."

"Desisiti, tsono! Desisiti!"

"Limenelo talimva, Mbuye wanga, ndi lokongola. Koma wolitchula ndi Mlekezi yekha."

A Yambani anayambitsa nyimbo yotamanda mfumu, poganiza kuti anthu aima njo. Zikwakwa zinalandira nyimboyo n'kuyamba kuyenda motsata kayimbidwe, ndipo a Yambani ankaimba mothamanga.

Lameki anafika pa chiyambi. Anafotokoza za Sindinagwe Wamkulu, za dambo, za mkango ndi mmene unakhalira pansi. Anafotokoza za Mroma wakuba, za Afalansa amene analandira katundu wakuba, za Angerezi amene anamusunga mpaka mfumu yathu itapita kukamutenga. Atamaliza, kumunda kunali kutatsala kachigawo kamodzi ka pakona, mapesi obiriwira, mondokwa wonenepa ali lendelende. Mfumu inagwira mkono wa Lameki ndi manja onse awiri.

"Lameki, mwana wanga," inatero motsitsa, "wamaliza. Linene."

Lameki anakoka mpweya. Anayang'ana khamu monga lamulo linkanenera, n'kufunsa ngati alipo amene sanamvetse.

Pa mkeka wa kutsogolo dzanja limodzi linakwera. Anali Nagama. Chigwere chimanga chake, aka kanali koyamba kumuyang'ana mwamuna wake m'maso.

"Abambo," anatero, "ife a ku Kwatsalanji sukulu inativuta. Pa mkango paja sitinamve bwino. Tabwerezani."

Lameki anachotsa manja a mfumu pa mkono wake mwaulemu, anakonza jekete, n'kuyambiranso pa moni.